Maola a Bwana Amathera Kuti?

Pa 2 Novembala 2011, banki ya Lloyds ya ku Britain inalengeza nkhani imene makampani akuluakulu sakonda kuiulula. Mkulu wake, António Horta-Osório, anali atapita kutchuthi chifukwa madokotala anamuuza kuti apume. Munthuyu anali ndi zaka 47, wa ku Portugal, wotchuka ndi khama pa ntchito, ndipo anali atangokhala pampandowo miyezi 8. Banki imene anaipeza inali pamoto. Boma la Britain linali litathiramo mapaundi oposa 20 biliyoni a anthu okhoma msonkho kuti isagwe, ndipo mayiko ogwiritsa ntchito ndalama ya yuro anali m'chipwirikiti cha ngongole. Patapita zaka, mwiniwake anafotokoza poyera kuti nkhawa inamulanda tulo mpaka anatha masiku asanu osagona, ndipo anakagonekedwa kuchipatala cha Priory.

Anabwerera kuntchito mu Januwale 2012, koma zinthu zina zitasintha. Iye ndi bodi anagwirizana kuti akuluakulu obweretsa malipoti kwa iye mwachindunji achepe, ndi kuti ntchito zambiri za tsiku ndi tsiku azisiyire ena. Anakhalabe paudindowo mpaka 2021, ndipo mu 2017 boma linagulitsa masheya ake omaliza mu bankiyo, ndalama zimene linathiramo zitabwerera.

Mabuku ambiri ophunzitsa kusamala nthawi amalangiza kudzuka m'mamawa, kulemba mndandanda wa zochita ndi kugula dayale yabwino. Mkulu wa kampani amene watsala pang'ono kukomoka ndi ntchito amakhala kuti zonsezi amazichita kale, ndipo ndi zimene zinamukweza kufika pamwambapo. Vuto lake lagona poti zinthu zambiri mu kampaniyo sizingasunthe popanda iye, ndipo kawirikawiri ndi iye mwini amene anakonza kuti zikhale choncho.

Anthu oonera patali amaganiza kuti bwana wamkulu amaswera mu ofesi ya zii, akulingalira za zaka zisanu zikubwerazo. Ofufuza amene anakhala naye pafupi, wotchi ili m'manja, anapeza zina. Mmodzi mwa oyamba anali Sune Carlson wa ku Sweden, amene mu 1951 anasindikiza zimene anaona atatsatira masiku a akuluakulu a makampani angapo. Anthuwo sankapeza mpata wokhala okha, ndipo zochita zawo zinkalamulidwa ndi anthu ena. Henry Mintzberg wa ku Canada anatsatira akuluakulu asanu, aliyense kwa sabata imodzi, ndipo m'buku lake la 1973 anaonetsa kuti theka la zochita zawo zinkatha mphindi 9 zisanakwane. Chochita chimodzi chokha pa 10 chinkapitirira ola. Ku Britain, Rosemary Stewart anapempha mamanijala 160 kuti azilemba zochita zawo, ndipo zinapezeka kuti mpata wa theka la ola wopanda wosokoneza unkabwera pafupifupi kamodzi pa masiku awiri. Zonsezi zinali kale, kulibe imelo, kulibe foni ya m'manja, kulibe magulu a pa WhatsApp.

Kafukufuku wozama kwambiri pa nkhaniyi ndi wa Michael Porter ndi Nitin Nohria a ku Harvard Business School, amene anauyamba mu 2006 n'kufalitsa zotsatira zake mu 2018. Iwo anatsatira akuluakulu 27 a makampani akuluakulu, amuna 25 ndi akazi awiri, aliyense kwa masabata 13, usana ndi usiku. Masekilitale a mabwanawo ndi amene ankalemba zimene bwana wachita pa mphindi 15 zilizonse, mpaka panasonkhana maola pafupifupi 60,000. Pa avereji, mabwanawo ankagwira ntchito maola 62.5 pa sabata. Pa masiku 10 alionse a Loweruka ndi Lamlungu, pafupifupi 8 ankagwirako ntchito, ndipo ngakhale ali patchuthi, masiku 7 pa 10 alionse ntchito inkawalondola. Misonkhano inkadya maola 72 pa 100 alionse a ntchito, ndipo pa sabata imodzi inkakhalapo 37.

Ziwerengero ziwiri za m'kafukufukuyu ndi zimene zimaluma. Makasitomala, anthu amene amabweretsa ndalama zimene kampani imayendera, ankalandira maola atatu okha pa 100 alionse a bwana, ndipo mabwanawo ataona zimenezi anadabwa okha. Nthawi imene bwana ankakhala yekha inali yoposa pang'ono gawo limodzi mwa magawo anayi a ntchito yake, koma yambiri inali zidutswazidutswa zosapitirira ola. Zidutswa zotere zimakwanira kuyankha makalata ndi kusaina mapepala. Sizikwanira kuti munthu akhale pansi, awerenge lipoti lalitali, ndi kuganiza mofatsa ngati kampani itsegule nthambi ina kapena itseke fakitale imene ikungoluza.

Kudabwa kwa mabwanawo n'kofunika kukuganizira bwino. Anali anthu odziwa kuwerenga ndalama mpaka tambala yomaliza, koma sankadziwa kumene maola awo ankathera. Peter Drucker, mlangizi wa makampani wobadwira ku Vienna mu 1909, anali ataona zomwezi zaka 50 m'mbuyomo. M'buku lake la 1967, The Effective Executive, anasimba za wapampando wa kampani ina amene ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti nthawi yake amaigawa patatu: ina ndi akuluakulu anzake, ina ndi makasitomala ofunika, ina pa ntchito zothandiza dera. Zochita zake zitalembedwa kwa masabata 6, zinapezeka kuti zitatuzi sankazipatsa nthawi n'komwe. Tsiku lake linkathera pa foni, kulondola maoda a makasitomala amene ankadziwana nawo ndi kuvutitsa a kufakitale kuti awafulumizitse. Ambiri mwa maodawo ankayenda bwinobwino, moti kulowerera kwake kunkangowachedwetsa. Sekilitale wake atamubweretsera pepalalo koyamba, iye anakana kwamtuwagalu kuti si zoona.

Munthuyo sanali waulesi kapena wabodza. Ankachita zimene anthu ambiri okwezedwa pa ntchito amachita, kubwerera ku ntchito imene amaidziwa bwino. Amene anakwera kuchokera ku zamalonda amakonda kuthamangitsa oda. Amene anali akauntanti amafuna kuona malisiti ndi maso ake. Injiniya akamva kuti makina afa mtima umakhala ngati ukukondwa, chifukwa apo ndi pamene angavule jekete n'kuonetsa luso. Ntchito zoterezi zimalipira tsiku lomwelo: vuto latha, wina wathokoza, munthu akupita kunyumba akudzimva kuti lero wagwira ntchito. Ntchito yeniyeni ya mkulu wa kampani, monga kusankha anthu oyenera maudindo, kukonzekeretsa amene adzalowe m'malo mwake, kapena kuganizira kumene msika ukulowera, ilibe womuombera m'manja madzulo. Zotsatira zake zimaoneka mochedwa, mwina iye atachoka kale. N'chifukwa chake tsiku lililonse imakankhidwira mawa.

Malangizo a Drucker ankayambira pamenepa. Munthu asathamangire kukonza mapulani. Ayambe walemba zimene zikuchitikadi, pa nthawi imene zikuchitika, chifukwa zokumbukira madzulo zimanama. Akatero adule zosafunika, kenako asonkhanitse timipata totsalato kuti tikhale mpata umodzi waukulu wogwiriramo ntchito yofuna mutu.

Njira ina imene nthawi imatayikira ndi yobisika kwambiri, chifukwa imabwera ngati ulemu. Mu 1974, William Oncken ndi Donald Wass analemba nkhani m'magazini ya Harvard Business Review imene mpaka lero anthu amaiwerengabe. Anafotokoza za wantchito amene wakumana ndi bwana wake m'njira ya mu ofesi n'kumuuza kuti pali vuto. Bwana akumvetsera, akuona kuti sangagamule pomwepo, ndiye akulonjeza kuti aliganizira ndipo ayankha. Olembawo anayerekeza vutolo ndi pusi. Asanakumane, pusiyo anali pamsana pa wantchito. Pamene akusiyana, walumphira pamsana pa bwana. Mawa lake wantchito uja ndi amene akusuzumira pakhomo kufunsa ngati bwana aganizapo, ndipo apa maudindo atembenuka, wamng'ono akuyang'anira wamkulu. Bwana wokhala ndi anthu 10 pansi pake, aliyense akamusiyira apusi awiri pa sabata, pofika Lachisanu ali ndi 20, eni ake ali kunyumba akupuma.

Aliyense amene anayendapo m'maofesi a ku Blantyre kapena ku Lilongwe amawadziwa mawu akuti "bwana sanasaine" ndi akuti "tikudikira bwana abwere". Fayilo ya kasitomala, cheke cha wogulitsa katundu, kalata ya tchuthi ya dalaivala, ngakhale ndalama zogulira mafuta a jenereta, zonse zimafola pa tebulo limodzi. Zifukwa zake n'zomveka. Kumene ndalama zinabedwapo, mwini kampani amaphunzira kusakhulupirira munthu. Kumene wamng'ono analakwitsapo n'kukalipiridwa pagulu, aliyense amaphunzira kuti chomuteteza ndi siginecha ya wamkulu. Ndipo mwambo wolemekeza akuluakulu, umene pamudzi ndi wabwino, ukalowa mu ofesi umachititsa munthu wodziwa bwino yankho kuona ngati kugamula yekha n'kudzikweza. Mapeto ake bwana amafika 7 koloko m'mawa, amaweruka kutada, amanyamula mafayilo kupita nawo kunyumba, ndipo kampani yonse imayenda pa liwiro la cholembera chake.

Vutoli ndi lakale kuposa makampani. Chaputala 18 cha Eksodo chimasimba za Mose atakhala pansi kuweruza milandu kuyambira m'mawa mpaka madzulo, anthu ali chiimire momuzungulira. Mpongozi wake Yetero anamuchenjeza kuti alefuka, iye pamodzi ndi anthuwo, ndipo anamulangiza kuika atsogoleri a anthu 1,000, a 100, a 50 ndi a 10, kuti kwa iye kuzifika milandu yovuta yokha. Yetero anaona kuti wotopa sanali Mose yekha. Odikira aja nawonso tsiku lawo linkapita pachabe.

Kugawira ena mphamvu n'kophweka pakamwa. Kuwawa kwake kumabwera tsiku limene wachiwiri wagamula mosiyana ndi mmene bwana akanagamulira, mwinanso molakwika, kampani n'kuluzapo ndalama. Bwana akalanda mphamvuyo tsiku lomwelo, onse amadziwa kuti zinali zongonena, ndipo mafayilo amayambanso kubwerera. Makampani amene zimawayendera amalemba malire momveka bwino: manijala wa nthambi angavomereze ndalama kufika pakuti, mkulu wa dipatimenti kufika pakuti, zoposa apo zipite ku bodi. Akatero amalimbitsa ofufuza mabuku a ndalama, kuti wakuba agwidwe popanda bwana kuwerenga lisiti iliyonse.

Kenako pali misonkhano. C. Northcote Parkinson, katswiri wa mbiri yakale wa ku Britain, analemba nkhani yoseketsa koma yoluma m'magazini ya The Economist mu 1955, yosonyeza mmene ntchito ya m'maofesi imatupira malinga ndi nthawi ndi anthu amene alipo. Umboni wake unali wa asilikali a panyanja a dziko lake. Pakati pa 1914 ndi 1928, zombo zikuluzikulu zankhondo zinachepa kuchoka pa 62 kufika pa 20, koma ogwira ntchito kulikulu loyang'anira zombozo anachuluka kuchoka pa 2,000 kufika pa 3,569. M'buku limene analemba pambuyo pake anapeka komiti imene ikuvomereza m'mphindi zochepa ntchito ya mamiliyoni yomanga malo opangira mphamvu ya nyukiliya, poti palibe akuimvetsa, koma ikukangana nthawi yaitali za shedi yosungiramo njinga, poti aliyense amadziwa mtengo wa malata. Amene anakhalapo mu komiti ya kumpingo kapena ya kusukulu sangafunse tanthauzo lake.

Makampani ena alimbana ndi misonkhano mosanyengerera. Ku Amazon, Jeff Bezos analetsa mu 2004 kugwiritsa ntchito PowerPoint pa misonkhano ya akuluakulu. Wofuna chigamulo amalemba chikalata cha masamba 6, ndipo msonkhano umayamba ndi kuwerenga mwakachetechete kwa mphindi pafupifupi 30, onse ali m'chipinda chimodzi, kuti pasapezeke wonamizira kuti anawerenga kale. Kampani ya Shopify ya ku Canada inachita zina mu Januwale 2023. Inafufuta m'makalendala a antchito ake misonkhano yonse yobwerezabwereza ya anthu oposa awiri, imene inalipo masauzande, n'kulamula kuti Lachitatu kusamakhale msonkhano. Patapita miyezi ingapo inaika kapulogalamu kosonyeza mtengo wa msonkhano uliwonse m'madola, potengera malipiro a oitanidwa ndi kutalika kwa msonkhanowo. Masamu ake aliyense angawachite. Mamanijala 12 akakhala maola atatu, apita maola 36 a anthu olandira ndalama zambiri pa kampani, pafupifupi sabata yathunthu ya munthu mmodzi.

Ku Malawi msonkhano uli ndi mtengo wina umene sulembedwa pa ajenda, ndiwo msewu. Chiyambire 1975, pamene likulu la dziko linasamuka ku Zomba kupita ku Lilongwe, boma lili m'chigawo chapakati pamene msika wa masheya, malikulu a mabanki ambiri ndi mafakitale ambiri ali ku Blantyre. Mizinda iwiriyi yatalikirana makilomita oposa 300, ulendo wa maola anayi kapena kuposa podzera ku Zalewa, Ntcheu ndi Dedza. Msonkhano wa ola limodzi ku Capital Hill ungadye masiku awiri a mkulu wa kampani ya ku Limbe, ndipo akafika angauzidwe kuti amene wabwera kudzaonana naye waitanidwa kwina. Palinso misonkhano ya kunyanja, ku Mangochi kapena ku Salima, imene imatenga masiku atatu pa nkhani za tsiku limodzi. Mliri wa Covid-19 mu 2020 unaonetsa kuti misonkhano yambiri yotere ingatheke pa Zoom. Ina singatheke, chifukwa pali nkhani zofuna kupatsana moni wa dzanja ndi kuyang'anana m'maso. Kusiyanitsa ziwirizi ndi ntchito ya bwana mwiniwake, dalaivala asanalize galimoto.

Komabe katundu wolemera kwambiri amabwera m'kalata yokongola yoitanira. Drucker anasimbanso za mkulu wa kampani wina amene kwa zaka ziwiri ankadya kunja madzulo alionse kupatula pa Khirisimasi ndi pa Chaka Chatsopano, onsewo ali madyerero a ntchito. Iye ankati palibe mmene angachitire. Atakhala pansi n'kuunika, anapeza kuti gawo limodzi mwa magawo atatu a madyererowo akanayenda bwino popanda mkulu aliyense wa kampani yake. Anazindikiranso, manyazi atamugwira pang'ono, kuti ena omuitanawo ankangochita mwaulemu, akuyembekezera kuti akana, ndipo akavomera ankasowa pomuika.

Mkulu wa kampani wa ku Malawi amaidziwa bwino kalata yotere. Ndi mlendo wolemekezeka pa mwambo wopezera ndalama zomangira tchalitchi, pa tsiku lotsekera sukulu imene anaphunzirako, pa perekaniperekani wa mwana wa mnzake wakale. Ndi wapampando wa komiti ya chitukuko kumudzi kwawo, membala wa bodi ya kampani ina, ya bungwe lachifundo, ya timu ya mpira. Kumene anthu odziwa kuyendetsa mabungwe akuluakulu ndi ochepa, mayina omwewo ndi amene amaitanidwa paliponse, ndipo woitana aliyense amati ndi kanthawi kochepa chabe. Munthuyo akadandaula, anzake amamukumbutsa kuti mutu ukakula sulewa nkhonya. Koma mpando wa mu bodi uli ndi mapepala ofunika kuwawerenga, ndipo zinthu zikavuta uli ndi mlandu pamaso pa malamulo. Ku Britain, ndondomeko ya kayendetsedwe kabwino ka makampani imati mkulu wolembedwa ntchito yanthawi zonse pa kampani yake asakhale mu bodi ya kampani yoposa imodzi mwa makampani 100 aakulu kwambiri a pa msika wa masheya wa London. Amene wavomera mipando 6 amatsegula envelopu ya mapepala ali m'galimoto popita kumsonkhano, ndipo chimene bodiyo yapeza kwa iye ndi dzina basi.

Maliro ndi nkhani ina, ndipo apa malangizo a ku Boston kapena ku London ndi ofunika kuwasefa. Buku lakunja lingaone tsiku lothera pamaliro ngati tsiku lotayika. Kwa Mmalawi, bwana amene wafika pasiwa wantchito wake atataya mayi, n'kukhala ndi anamfedwa mpaka kumanda, wachita chimene kalata ya chipepeso singachite, ndipo antchito ena onse aona. Kukhulupirirana kumene kumalola bwana kusiyira ena mphamvu kumamangidwa m'malo ngati amenewa. Koma ngakhale pamudzi anthu amadziwa kutuma. Mfumu ikalephera kufika imatumiza nduna, ndipo mwambo umayenda popanda wodandaula. Pa kalata iliyonse yoitanira pali funso lothandiza: kodi apa akufuna munthuyu, kapena akufuna kampani yake ndi envelopu yake? Pamene akufuna kampani, wachiwiri wake angapite, naye adziwike. Pamene akufuna munthuyo, apite iye mwini, foni aizimitse.

Thupi nalo lili ndi malire ake. Mu Meyi 2021, mabungwe a WHO ndi ILO anatulutsa kafukufuku wosonyeza kuti mu 2016 anthu 745,000 padziko lonse anamwalira ndi sitiroko ndi matenda a mtima chifukwa chogwira ntchito maola 55 kapena kuposerapo pa sabata. Poyerekeza ndi ogwira maola 35 mpaka 40, anthu otere ali ndi chiopsezo chokwera ndi 35 peresenti chodwala sitiroko, ndi chokwera ndi 17 peresenti chomwalira ndi matenda a mtima. Ambiri mwa omwalirawo anali amuna, ndipo imfa inkabwera patapita zaka, ambiri ali ndi zaka za pakati pa 60 ndi 79. Lamulo la ntchito la Malawi la 2000 limaika malire a maola 48 pa sabata. Mabwana a Porter ndi Nohria aja, ndi maola awo 62.5, anali atapyola malire onse awiri.

Okamba za nthawi amakonda kutchula Warren Buffett, amene ankayendetsa gulu la makampani la Berkshire Hathaway. Mu 2017, pa pulogalamu ya pa wailesi yakanema ya Charlie Rose, Bill Gates anasimba mmene anadabwira ataona kadayale ka Buffett, kamene masiku ambiri munalibe cholembedwa chilichonse. Gates, amene kale ankadzaza mphindi iliyonse, anati anaphunzirapo kuti kalendala yodzaza si umboni woti munthu ndi wakhama. Iye mwini, ali mkulu wa Microsoft, ankadzipatula kawiri pa chaka kwa sabata yathunthu m'kanyumba ka m'mphepete mwa madzi kumpoto chakumadzulo kwa America, kukawerenga zikalata zolembedwa ndi antchito ake, popanda alendo.

Zitsanzo zimenezi n'zosavuta kuziseka. Mkulu wa fakitale ya ku Kanengo kapena ku Makata amene akusakasaka ndalama zakunja zoitanitsira zipangizo, amene anaona kwacha ikugwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, amene malole ake agona pamzere wa dizilo, sangatseke chitseko sabata yonse kuti awerenge. Koma masamba oyera a Buffett sanabwere ndi chuma chokha. Likulu la Berkshire Hathaway ku Omaha lakhala likuyenda ndi antchito osakwana 30, pamene makampani a m'gululo ali ndi antchito oposa 350,000. Woyendetsa kampani iliyonse amagamula yekha za tsiku ndi tsiku, ndipo Buffett anadzisungira ntchito zochepa, makamaka kusankha kumene ndalama zipite ndi kusankha anthu oyendetsa makampaniwo. Dayaleyo inali yoyera chifukwa zigamulo zinali ndi eni ake kwina. Ndipo pa nthawi ya mavuto, pamene chigamulo chimodzi cha mitengo kapena cha ngongole chingapulumutse kapena kugwetsa kampani, ndi pamene bwana amafunikira kwambiri m'mawa umodzi wa maola atatu opanda foni.

Amene angateteze m'mawa woterowo ndi sekilitale, munthu amene pa nkhani zimenezi amaiwalika. Sekilitale amene sanauzidwe zinthu zitatu kapena zinayi zimene bwana akufuna kukwaniritsa m'miyezi ikubwerayi amadzaza dayale potengera amene wayamba kuimba foni, amene ali ndi udindo waukulu, kapena amene amakalipa kwambiri. Akauzidwa, amadziwa woti amulowetse, woti amutumize kwa wachiwiri, ndi woti amuuze mwaulemu kuti bwana sapezeka. Porter ndi Nohria amalangiza kuti miyezi itatu iliyonse bwana aziyerekeza zimene ananena kuti n'zofunika ndi kumene maola ake anapitadi. Anaonanso kuti misonkhano yambiri imapatsidwa ola lathunthu mwa chizolowezi chabe, pamene nthawi yocheperapo ikanakwanira.

Patsala funso limodzi la Drucker limene mabwana ambiri amaliopa, chifukwa oyankha ake ndi antchito. Iye ankalangiza mkulu aliyense kufunsa a pansi pake kuti amuuze zimene iye amachita zongowatayitsa nthawi. M'maofesi a kuno, kumene wamng'ono amayankha kuti "zonse zili bwino, bwana" ngakhale zinthu zitathina, yankho loona silibwera ulendo woyamba. Limabwera ena akaona kuti woyamba kulankhula uja sanaone zakuda.

Mkulu wina wa zachuma pa bungwe lalikulu, amene Drucker anasimba nkhani yake osatchula dzina, anafunsa funsoli. Iye ankaitana akuluakulu onse a pansi pake kumsonkhano uliwonse, kaya nkhaniyo ikuwakhudza kaya ayi, poopa kuti wosaitanidwa aona ngati wanyozedwa. Obwerawo nawo ankaona kuti ayenera kufunsako kafunso kuti aoneke kuti akutsatira, moti misonkhano inkangotalika. Atafunsa, anapeza kuti iwonso ankaona kuti akutaya nthawi. Anayamba kutumiza kapepala kwa onse, konena amene aitanidwa, nkhani yake, malo ndi nthawi, kuti wina aliyense wofuna kubwera ndi womasuka, ndi kuti onse alandira zimene zakambidwa ndi zimene zagamulidwa kuti aperekepo maganizo. Kumene kale kunkasonkhana anthu 12 masana onse, kunayamba kukhala anthu atatu ndi wolemba mfundo, ndipo nkhani inkatha m'mphindi pafupifupi 40.